Edgar Allan Poe anali wamisala kapena linali luso chabe?

Tadala_M:

Abale anga okonda kuwerenga ndithandizeni. Ndakhala ndikuwerenga nkhani za Edgar Allan Poe pa foni, zilipo zaulere pa intaneti poti ndi zakalekale, nde yomwe yandigwira kwambiri ndi ija ya The Tell-Tale Heart. Kwa amene simunaiwerenge, munthu wina amapha mkulu wokalamba yemwe amakhala naye nyumba imodzi, mkuluyo sanamulakwire kalikonse, chuma chake sakuchifunanso, nkhani ndi diso basi, akuti diso limodzi la mkuluyo linali ngati la muimba ndipo likamuyang'ana amagwidwa nthumanzi. Masiku 7 amakasuzumira kuchipinda kwake pakati pa usiku ndi nyali, tsiku la 8 nkumupha, kumuduladula, nkumubisa pansi pa matabwa a m'chipindamo. Apolisi atatu abwera iye nkuwalandira bwinobwino mpaka kuika mpando wake pamwamba penipeni pa mtembo, kenako ayamba kumva mtima wa malemuyo ukugunda, ukugunda, mpaka anadziulula yekha. Chomwe chandiopsa ine si kuphako ayi koma kuti nkhani yonse munthuyo akulimbikira kukuuza iwe owerenga kuti sindine wamisala, taonani mmene ndinachitira zonse mwadongosolo.

Nde funso langa ndi loti munthu wamutu wabwinobwino angalembe zoterezi? Mnzanga wina akuti Poe anali chidakwa, amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, anali wamisala ndipo anafera mu ngalande. Ndi zoona zimenezi? Komanso kodi nkhani zoopsa zolembedwa anayambitsa ndi iyeyu?

Aphiri_a_Mabuku:

Achemwali a Tadala, zomwe wakuuzani mnzanuyo ndi zosakaniza, zoona pang'ono bodza lambiri, ndipo bodzalo lili ndi mwini wake amene analifalitsa. Koma timudziwe kaye munthuyo.

Anabadwa pa 19 January 1809 ku Boston, makolo ake onse awiri anali ochita zisudzo. Bambo ake David Poe anathawa banja iye akadali khanda, mayi ake Eliza nkumwalira mu December 1811 ku Richmond, Edgar asanakwanitse zaka 3. Ana awo atatu anagawidwa, iye anatengedwa ndi John Allan wabizinesi ya fodya ndi mkazi wake Frances, ndi komwe kunachokera dzina la Allan lili pakatilo, koma sanamulembetse mwalamulo kuti akhale mwana wawo. Kumuphunzitsa anamuphunzitsa ndithu, mpaka anakakhala naye ku Britain kuyambira 1815 mpaka 1820, koma pa ndalama ndi pomwe anasemphana. Mu 1826 anamutumiza ku University of Virginia ndi ndalama zoperewera, mnyamata nkuyamba juga kuti apeze zotsalazo, ngongole nkukula, a Allan nkukana kubweza, sukulu nkuthera pomwepo. Mu 1827 analowa usilikali ndi dzina labodza la Edgar A. Perry, kenako anapita ku sukulu ya usilikali ya West Point mu 1830 komwe anachita dala kuphwanya malamulo mpaka anamuchotsa mu 1831. John Allan anamwalira mu 1834 ali munthu wolemera zedi koma mu wilo mwake dzina la Edgar munalibe olo pamzere umodzi.

Nde munthuyu anatsala ndi cholembera basi, pa nthawi yomwe ku America kudya za kulemba kunali kovuta koopsa. Kunalibe lamulo loteteza mabuku a olemba akunja, linabwera mu 1891 iye atafa kalekale, ndiye osindikiza amangotenga mabuku a ku England monga a Charles Dickens nkusindikiza osalipira kanthu, alipire bwanji mlembi wa komweko pamene za ulere zilipo. Taonani ndalama zomwe amapeza: mu 1833 anapambana madola 50 pa mpikisano wa nyuzipepala ya ku Baltimore, mu 1843 madola 100 ndi nkhani ya The Gold-Bug, ndipo ndakatulo ya The Raven ya khwangwala uja, yomwe inamutchukitsa dziko lonse mu January 1845, akuti anangolandirapo madola 9. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali ya ukonzi wa magazini, Southern Literary Messenger ku Richmond, kenako Burton's ndi Graham's ku Philadelphia. Munthu wamisala sangamatulutse magazini mwezi ndi mwezi, kuwerenga mabuku a anzake nkumalemba ndemanga zakuthwa mpaka anthu kumamuopa.

Chomwe ine ndimaona kuti chinamudya ndi maliro. Mayi ake, kenako Frances amene anamulera mu 1829, mchimwene wake Henry mu 1831, kenako mkazi wake Virginia. Mu January 1842 Virginia akuimba pa piyano kunyumba anayamba kutuluka magazi mkamwa, chifuwa chachikulu chimenecho, nthawi imeneyo chopanda mankhwala. Zaka 5 akudwala, apeze bwino, adwalenso, mpaka anamwalira pa 30 January 1847 mkanyumba kawo ku Fordham ali ndi zaka 24. Amene munadwazikapo matenda a mgonagona mukudziwa mmene zimakhalira, kumulira munthu akadali moyo kenako nkuyambanso kuyembekeza. Poe mwini wake analemba mkalata mu 1848 kuti m'zaka zimenezo mutu wake umasokonekera ndipo ndi pomwe amamwa, koma adani ake amati misala ikuchokera ku mowa pamene iye amaona kuti mowawo ndi umene ukuchokera ku kusokonekerako. Tsopano onani zaka za nkhani zija: The Masque of the Red Death ya mliri wotulutsa magazi ndi ya 1842, yanu ija ya The Tell-Tale Heart ndi ya January 1843, The Black Cat 1843. Zinalembedwa mkazi akutsokomola chipinda chinacho.

Mowa amamwa, sindikumuikira kumbuyo, unamutayitsa ntchito komanso abwenzi. Koma amatha nthawi yaitali osaulawa, ndipo omudziwa amati pang'ono pokha umamugwetsa. Za mankhwala ozunguza bongozo, Thomas Dunn English amene anali dokotala komanso mdani wake weniweni ananena kuti sanaonepo chizindikiro chilichonse cha zimenezo pa iye.

NaJere:

A Phiri mwafotokoza bwino koma mwadumpha penapake ndipo ine pamenepo sindingakhale chete. Virginia mukumutchulayo anali mwana wa azakhali ake a Poe, a Maria Clemm. Za usuwenizo ife sizingatidabwitse, makolo athu ambiri amakwatirana pachisuweni. Koma zaka, abale. Ukwati unachitika pa 16 May 1836, Poe ali ndi zaka 27, mtsikanayo 13. Ndipo pa chikalata cha ukwati analembapo kuti ali ndi zaka 21. Anthu amakonda kunena kuti aaa inali nthawi imeneyo, chabwino, nanga ngati zinali zabwinobwino ananamiranji zakazo? Ine ndikamawerenga za chikondi chawo ndimavomera kuti anamudwazika mpaka mapeto ndipo anamulira kwambiri, koma mwana wa zaka 13 ndi mwana, sanasankhe yekha moyo umenewo.

China, ife owerenga akuda tisamaiwale kuti munthuyu anakulira ku Richmond m'nyumba momwe munali akapolo. Mu 1829 ku Baltimore iye ndi amene anasainira kugulitsidwa kwa kapolo wina dzina lake Edwin, m'malo mwa azakhali ake aja. Mukawerenga The Gold-Bug muona mmene amamujambulira Jupiter, munthu wakuda, ngati chitsiru chongosekedwa, ndipo m'buku lake lalitali The Narrative of Arthur Gordon Pym la 1838 anthu akuda a pachilumba ndi amene ali achinyengo ndi akupha. Toni Morrison, mlembi wakuda wa ku America, analembapo za zimenezi mu 1992, kuti mantha ambiri a m'mabuku oyambirira a ku America ali ndi munthu wakuda kumbuyo kwake. Ine ndimamuwerengabe Poe, luso analinalo, koma ndimawerenga ndikudziwa kuti akanandiona sakanandiwerengera ngati mmodzi wa owerenga ake.

Aphiri_a_Mabuku:

Mayi NaJere palibe chomwe ndingatsutse pamenepo, zonse mwanenazo zinalembedwa ndipo zikuyenera kunenedwa limodzi ndi zinazo.

Madam_Chisale:

Ine ndiyankhe mbali ya luso poti ndimaphunzitsa literature ku sekondale ndipo funso la Tadala ana amafunsanso. Amasokoneza mlembi ndi munthu amene akulankhula mu nkhani. Wakupha uja si Poe mwanawe, ndi munthu amene Poe anamupanga, ndipo kuti upange wamisala wokhulupirika chonchija umafunika mutu wako ukhale wokhazikika kwambiri. Kawerengenso uone ziganizo mmene zikufupikira mtima uja ukayamba kugunda, mawu kubwerezedwa, mpweya kuchepa, iwe owerenga umapezeka ukuwerenga mothamanga osadziwa. Sizinangochitika, anachita kuwerengera.

Iye anali ndi mfundo zake zomwe analemba poyera, mu 1842 pothirira ndemanga nkhani za Nathaniel Hawthorne komanso mu 1846 m'nkhani yotchedwa The Philosophy of Composition. Amati nkhani izikhala yoti munthu aimalize atakhala pansi kamodzi osadzuka, ndipo mlembi asankhiretu chinthu chimodzi chomwe akufuna owerenga amve, kaya mantha kaya chisoni, kenako liwu lililonse lizikokera komweko. Munali mmenemonso momwe ananena kuti imfa ya mkazi wokongola ndiye mutu woposa yonse wa ndakatulo, mawu amene akazi ambiri owerenga timawamva kuwawa, chifukwa m'nkhani zake mkazi nthawi zambiri ntchito yake ndi kufa basi, Ligeia, Berenice, Madeline wa mu The Fall of the House of Usher amene mchimwene wake anamuika m'manda akadali moyo.

Zoti anayambitsa ndi iye, ayi. Horace Walpole anatulutsa The Castle of Otranto mu 1764, kunabwera Ann Radcliffe, Mary Shelley ndi Frankenstein mu 1818 Poe ali mwana wa zaka 9, ku Germany kunali E. T. A. Hoffmann. Ambiri mwa amenewa mantha amawaika mu nyumba zachifumu zakale, mizukwa, zinsinsi za mabanja. Anthu amamunena Poe kuti akungokopera za ku Germany, iye nkuyankha m'mawu oyamba a buku lake la 1840 kuti mantha ake si a ku Germany koma a mu mzimu wa munthu. Apa ndi pomwe anasinthira zinthu. Ifenso nkhani zathu zoopsa zomwe tinakula nazo choopsacho chimachokera kunja, mfiti yabwera usiku, mzukwa kumanda, fisi wotumidwa, nde ukatseka chitseko nkupemphera mtima umakhala pansi. Kwa Poe ulibe kothawira chifukwa choopsacho ndi amene akukufotokozera nkhaniyo, uli mmutu mwake kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza.

Yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse ndi The Cask of Amontillado ya 1846. Montresor akuti mnzake Fortunato anamunyoza, koma sakutiuza olo kamodzi kuti chipongwecho chinali chotani. Amunyengerera ndi vinyo nthawi ya chikondwerero, atsika naye kumapanga a pansi komwe kuli mafupa a makolo ake, njira yonse akunamizira kumudera nkhawa za chifuwa chake kuti tiyeni tibwerere, kenako amumanga ndi unyolo nkuyamba kumanga khoma, mzere ndi mzere, munthu ali moyo mkatimo. Ndipo akufotokoza zimenezi patapita zaka 50, modekha, sanagwidwe. Mulibe mzukwa, mulibe magazi, koma ana mkalasi amangoti zii. Za kuikidwa wamoyozi zimabwera kawirikawiri kwa iye chifukwa anali mantha enieni a anthu nthawi imeneyo, madokotala analibe zipangizo zotsimikizira bwino kuti munthu wafadi, mpaka ena amapanga mabokosi a maliro okhala ndi belu. Iye amadziwa zomwe ogula magazini amaopa ndipo amawagulitsa zomwezo.

Musaiwalenso kuti nkhani za ofufuza milandu ndi iye anatsegula njira, The Murders in the Rue Morgue mu 1841 ndi wofufuza wake Dupin, amene amathetsa mlandu ndi kuganiza basi pamene apolisi asowa pogwira. Wofufuza wotchuka Sherlock Holmes anabwera mu 1887 ndipo mlembi wake Arthur Conan Doyle sanabise kuti anaphunzira kwa Poe. Munthu mmodzi yemweyo kulemba wamisala ndi kulemba katswiri woganiza, mzaka zomwezo.

Tadala_M:

Zikomo kwambiri nonse, a Madam ndaipeza ya Amontillado ndiiwerenga usiku uno. Koma a Phiri munati bodza lili ndi mwini wake simunamutchule, komanso za imfa yake zija za mu ngalande?

Aphiri_a_Mabuku:

Eya ndibwerere pamenepo. Chaka cha 1849 zinthu zimaoneka ngati zikuyamba kumuyendera. Anabwerera ku Richmond, amakamba nkhani m'maholo anthu nkumalipira kudzamumvera, anagwirizana za ukwati ndi Elmira Shelton, chibwenzi chake cha paunyamata amene panthawiyi anali wamasiye, ndipo analowa gulu la osamwa mowa la Sons of Temperance. Pa 27 September ananyamuka ku Richmond ulendo wa ku New York. Kenako anasowa. Pa 3 October munthu wina wogwira ntchito yosindikiza, Joseph Walker, anamupeza ku Baltimore pa malo omwera mowa otchedwa Gunner's Hall, pomwe tsiku limenelo pamaponyedwa mavoti, ali wosokonekera, osatha kufotokoza chomwe chamuchitikira, atavala zovala zosakhala zake komanso zosamukwana. Anamutengera ku Washington College Hospital komwe anamwalira pa 7 October ali ndi zaka 40. Nde anafera mchipatala osati mu ngalande.

Chomwe chinamupha anthu akukanganabe mpaka lero chifukwa zolemba za kuchipatala zinasowa, ndipo dokotala wake John Moran amasinthasintha nkhani yake m'zaka zotsatira. Ena amati mowa, ena chiwewe, ena chotupa mu ubongo, ena kuti anamenyedwa. Ine yomwe imandikhutiritsa ndi ya mavoti ija. Nthawi imeneyo ku Baltimore kunali magulu a zigawenga za ndale omwe amagwira anthu mumsewu, kuwatsekera, kuwamwetsa mowa mokakamiza, nkumawazunguliritsa malo oponyera voti akuwasintha zovala kuti avote kangapo. Zovala zachilendo, tsiku la chisankho, malo oponyera voti, zikugwirizana kwambiri. Koma ndi maganizo chabe, umboni wogwirika palibe amene anaupeza. Maliro ake anali a anthu ochepa kwambiri, mwambo wa mphindi zochepa, manda opanda chipilala mpaka 1875 pamene anamusamutsira pomwe pali chipilala lero ku manda a Westminster mu Baltimore momwemo.

Tsopano mwini bodza ndi Rufus Griswold. Ameneyu anali mkonzi komanso wosonkhanitsa ndakatulo, Poe anali atanyozapo buku lake la 1842 poyera, ndipo Griswold yemweyo ndi amene anatenga mpando wa Poe ku Graham's. Patangopita masiku awiri Poe atamwalira, Griswold analemba mu New York Tribune, mobisala ndi dzina loti Ludwig, kuti imfayi idzidzimutsa ambiri koma olira akhala ochepa. Zitatero munthu yemweyo ndi amene anapatsidwa zolemba zonse za Poe kudzera kwa azakhali aja, nkuzisindikiza pamodzi ndi mbiri ya moyo wake yomwe analemba iye, momwe anamujambula ngati chidakwa choyenda chikulankhula chokha mumsewu, munthu wopanda mnzake komanso wopanda khalidwe. Anafika posintha mawu m'makalata a Poe kuti aoneke woipa, izi ofufuza anadzazitulukira poyerekeza ndi makalata enieniwo. Omudziwa anayesa kutsutsa, Sarah Helen Whitman amene anatomerana naye mu 1848 anatulutsa buku lomuteteza mu 1860, John Ingram wa ku England analemba mbiri ina mu 1880, koma kwa zaka zambiri ya Griswold ndi yomwe imapezeka m'mabuku, ndipo anthu anaikonda chifukwa imafanana ndi nkhani zake. Zomwe wakuuzani mnzanuzo zachokera kumeneko, zangodutsa m'makamwa ambiri.

Ku France zinayenda mosiyana, mlakatuli Charles Baudelaire anatha zaka zambiri akumasulira nkhani zake mChifalansa ndipo kumeneko anamulemekeza msanga kuposa kwawo. Ku Japan mlembi wina mpaka anadzitcha Edogawa Ranpo potengera dzina lake. Ku America lero mphoto za olemba nkhani za milandu zimatchedwa Edgar, ndipo timu ya mpira wa ku America ya Baltimore Ravens dzina lake linachokera ku ndakatulo ya madola 9 ija.

Kondwani_Jozi:

Ine ndingowonjezera kamodzi pa nkhani ya mowayo. A Tadala mukamaliza ya Amontillado muwerenge The Black Cat. Munthu wa mmenemo amayamba ali wofatsa, wokonda ziweto, mkazi wake amamukonda, kenako mowa umulowa pang'onopang'ono, ayamba kutukwana mkazi, kumumenya, tsiku lina abwera ataledzera nkukolowola diso la mphaka wake Pluto ndi kampeni, mmawa nkulira ndi chisoni, madzulo nkukamwanso kuti aiwale. Mapeto ake nkhwangwa yomwe amafuna kutemera mphaka wachiwiri inathera mmutu mwa mkazi wake. Ine ndinakulira m'nyumba ya munthu womwa ndipo sindinawerengepo pena pomwe zinalembedwa molondola chonchi, makamaka kulira kwa mmawa kuja komwe sikusintha kanthu. Apa ndimasiyana pang'ono ndi a Madam, si zonse zomwe anachita kuwerengera ngati samu. Luso lilipo inde, koma zimenezi munthu sangazitole m'buku, amaudziwa mowa ndipo amadziopa yekha akamwa. Palibe umboni woti Poe anamenyapo mkazi wake, a Maria Clemm amene amakhala nawo nyumba imodzi amamuikira kumbuyo mpaka imfa yawo. Koma ndikukhulupirira kuti polemba nkhani imeneyo amadzifunsa kuti mowawu ukanditenga mpaka kumapeto ndingafike pati, nde anangolemba yankho lake osabisa kalikonse.